Achemwali, anawo muwatengere ku Chembe

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndiyankhe ndi mawu, kulemba kundichedwetsa. Mwafunsa kuti mukabwera Disembala uno anawo muwatengere kuti kunyanja, ku Salima kapena ku mahotela a ku Mangochi. Konseko nkwabwino, koma ine malume wawo ndikuti pitani ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe.

Chifukwa chake nchakuti kuhotela yampanda anawo akangosambira mu swimming pool, zomwe ku Leeds amachita kale. Ku Chembe malo ogona alendo ali m'kati mwa mudzi, mukatuluka pageti mwaponda pamchenga pomwe anthu amagwirapo ntchito. M'mawa mupeza amayi akukwecha mapoto ndi mchenga, asodzi akukocheza, usipa ukuyanikidwa pamathandala. Ndiye usiku musawagoneke msanga. Muwatulutse aone nyali zitandandalika pamadzi ngati tauni. Amenewo ndi asodzi a chilimira. Mmodzi amakhala m'kabwato ndi nyali, usipa umatsata kuwalako, anzake nkuzinga ndi khoka. Usipa womwe mumawatumizira m'sutikesi uja adziwe kuti pali munthu amene anachezera nawo usiku wonse.

Njira yake, mukachoka ku Lilongwe dzerani ku Dedza, mutsike Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Msewuwo ngokhotakhota, alamu ayendetse mofatsa, mabuleki awaonetsetse. Pa Golomoti musapitirire, khoterani kaye ku Mua, si patali. Mishoni imeneyo anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo pali Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976. Mu Chamare Museum muli zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri, komanso za Angoni ndi Ayao. Anawo amangomva kuti ndi Achewa, akaone okha. Kuchoka apo ndi ulendo wa ku Monkey Bay, koma musanalowe m'tauni mukhotere kumanzere, makilomita ngati 18 m'mapiri. M'njiramo muime pa Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati wina anachitema mphini.

Mukafika, tsiku limodzi mulipatulire boti lopita ku chilumba cha Thumbi. Mtengo mugwirizane muli kumtunda, ndipo ngati mulibe ma life jacket a msinkhu wa ana musakwere, olo akunyengerereni bwanji. Kumeneko ndiye kuli mbuna, tinsomba ta m'miyala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Mwana akavala galasi losambirira nkuviika nkhope m'madzi, timabwera mpaka pamphuno. Nsomba zimenezi zambiri kulibenso kwina padziko lapansi, nchifukwa chake boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Pafupi ndi zilumbazo saloleza kuwedza. Anyamata a boti amaimba likhweru nkuponya kansomba, nkhwazi imachoka mumtengo kudzakawakha pamadzi, mwana kuiona mbalame ya pa chizindikiro cha dziko lathu ndi maso ake. Polowa m'paki pamalipiridwa, ndipo mtengo wa Amalawi ndi wa alendo ngosiyana, ndiye ziphaso zanu muyende nazo. Ku Otter Point kuli anyani olanda chakudya m'manja, nthochi zikhale m'chikwama.

Koma chomwe ine ndikufuna kwambiri ndi manda a amishoni, ali chakomweko ku Otter Point. Ife tinakulira mu CCAP, ndipo Livingstonia yoyamba inali pamenepo. Anafika mu 1875 pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, Dr Robert Laws ali momwemo. Malungo anawasautsa, ena nkufera pompo, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Chaka chosamukacho ndi chomwe Albert Namalambe anabatizidwa, munthu woyamba kubatizidwa pamishoniyo. Mandawo ndi ochepa, mungawadutse osadziwa, choncho mufunse wa paki akulozereni. Sitima ya Ilala yomwe ikuyenda lero, ya pa doko la Monkey Bay ija, dzina inatengera pa yoyambayo, ndipo yakhala pamadzi kuyambira 1951.

Tsopano mumvetsere apa achemwali. Disembala ndi dzinja, kotentha, udzudzu uli mbwee. Ana obadwira kunja malungo amawagwetsa msanga, ndiye mankhwala oteteza mukatengeretu kwa dokotala wanu konko, ndipo agone m'neti usiku uliwonse. Mwera nthawi imeneyo kulibe, koma mvula yamkuntho imatha kubwera mwadzidzidzi, za boti muzichita m'mawa. China ndi likodzo. M'madzi a m'mbali mwa mudzi lilimo, limachokera ku tinkhono. Sindikuti asasambe ayi, koma mukabwerera, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukawayezetse, munene kuti anasambira mu Lake Malawi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Atsikanawo muwagulire zitenje, poyenda m'mudzi azimanga, paja pamenepo ndi pakhomo pa anthu.

Malo ogona nthawi ya Khrisimasi amadzaza msanga, ndiye munditumizire masiku enieni sabata ino ndiyambe kuimba mafoni. Alamu muwapatse moni.