Meya wa thumba lochepa angayambire pati? Zomwe a Jaime Lerner anachita ku Curitiba

Mmodzi mwa owerenga athu watitumizira imelo yofunsa ngati alipo meya amene anakonzadi nkhani ya zinyalala, madzi osefukira ndi utsi wa magalimoto popanda ndalama zambiri, komanso kuti anayambira pati. Alipo, ndipo amene tikufuna mumudziwe bwino ndi a Jaime Lerner a mumzinda wa Curitiba, kumwera kwa Brazil.

A Lerner anabadwa mu 1937 ndipo anaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Mu 1965 anali m'gulu lomwe linakhazikitsa IPPUC, ofesi yokonza mapulani a mzindawo. Anakhala meya katatu, kuyambira mu 1971, 1979 ndi 1989, kenako bwanamkubwa wa chigawo cha Paraná kuyambira mu 1995. Anamwalira mu 2021. Maulendo awiri oyambawo anachita kuikidwa pampando nthawi ya ulamuliro wa asilikali, ndipo mfundo imeneyi musaiiwale: liwiro lomwe ankagwirira ntchito silophweka kwa meya wosankhidwa ndi mavoti. Mu 1972 anatseka msewu wa Rua XV de Novembro kuti muziyenda anthu apansi okha, ndipo ntchitoyo inatha m'maola 72, eni masitolo asanapite kukhoti.

Pa madzi osefukira, mizinda yambiri imathamangira kumanga ngalande za konkire. Vuto lake ndi loti ngalande yowongoka imathamangitsa madzi n'kukawakhuthulira kwa anthu akumunsi, ndipo ikadzaza zinyalala imatsekeka. Curitiba inasankha njira ina. Khonsolo inatenga malo otsika a m'mbali mwa mitsinje, kuletsa kumangapo nyumba, kutchinga madzi kuti pakhale nyanja zing'onozing'ono, n'kudzala mitengo ndi udzu mozungulira. Paki ya Barigui, yomwe inatsegulidwa mu 1972, inapangidwa motero. Mvula ikagwa yambiri nyanja imakwera, njira za m'paki zimamira, koma nyumba za anthu zimapulumuka. Chinsinsi chagona pa nthawi: malowo muwatenge anthu asanamangepo, chifukwa akamanga, kusamutsa ndi chipukuta misozi zimadya ndalama zonse. Udzu wa m'mapaki ena ankaudyetsa nkhosa m'malo molipira makina otchetchera.

Za zinyalala n'zomwe zimatikhudza kwambiri ife. Mu 1989 anayambitsa ndondomeko yoti banja lililonse lizisiyanitsa zinyalala pawiri pokha, zowola ndi zouma monga mapepala, mabotolo, zitini ndi mapulasitiki. Pawiri pokha, chifukwa mukauza anthu kuti asiyanitse magulu asanu amagwa ulesi. Uthengawo unadzera kwambiri mwa ana a sukulu, omwe ankakakumbutsa makolo kunyumba. M'madera osauka momwe malole sankatha kulowa chifukwa cha tinjira topanikizika, khonsolo inkagula zinyalala: munthu akabweretsa thumba pamalo omwe lole ifika, ankalandira matikiti a basi kapena chakudya. Mu 1991 inabadwa Câmbio Verde, pomwe makilogalamu 4 a zinyalala zouma amasinthidwa ndi kilogalamu imodzi ya zipatso ndi ndiwo zamasamba zogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono ozungulira mzinda. Ndondomeko yotere imafa lole ikayamba kuphonya tsiku lake, kapena anthu akaona zomwe anasiyanitsa zikuthiridwa pamodzi m'lole imodzi. Imafanso ngati palibe ogula mapulasitiki ndi mapepalawo, choncho msika upezeke kaye musanauze anthu kuti ayambe.

Pa za utsi wa magalimoto, mabasi anapatsidwa njira yawoyawo pakati pa misewu ikuluikulu kuyambira mu 1974, ndipo nyumba zazitali zinaloledwa m'mbali mwa misewu imeneyi kuti okwera akhale pafupi. Mu 1991 kunabwera masiteshoni ooneka ngati paipi yagalasi, momwe munthu amalipira asanakwere ndipo nsanja yake ndi yofanana msinkhu ndi khomo la basi, motero basi siima nthawi yaitali. Mzinda wa Bogotá, ku Colombia, unatengera njirayi mu 2000.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Malo a pafupi ndi njira za mabasi anakwera mtengo, osauka ambiri n'kukakhala kunja kwa malire a mzinda komwe mapulaniwo sanafike. Mtsinje wa Iguaçu udakali woipitsidwa kwambiri podutsa dera la Curitiba, ndipo magalimoto a anthu achuluka zedi mumzindawo. Pofunsa kuti meya ayambire pati, yankho lathu ndi ofesi ya mapulani yokhala ndi akatswiri okhazikika ngati IPPUC, yomwe inapitiriza ntchito m'zaka zomwe a Lerner sanali pampando, kenako malo a m'mbali mwa mitsinje asanalowe anthu.