Analemba imelo zawo kuti apate chitenje: kodi ndingawatumizire zamalonda?

FUNSO

Ndili ndi sitolo ya zitenje ndi mayunifolomu a sukulu ku Kamwala. Pa chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda cha chaka chatha ndinaika buku patebulo langa, ndipo aliyense wofuna kulowa nawo mpikisano wopata chitenje ankalembamo dzina ndi imelo yake. Katundu watsopano atafika mu Januwale, ndinawatumizira onsewo uthenga wotsatsa malonda. Ena anabwera kudzagula, koma bambo wina anandiyankha mokalipa kuti sanandilole kuchita zimenezo ndipo akandisumira. Panopa mnyamata wina akufuna kundigulitsa mndandanda wa maimelo a anthu 3,000 a muno mu Lusaka. Kodi ndinalakwa chiyani, poti anthuwo analemba okha m'bukumo? Nanga mndandandawo ndigule?

Mayi wa ku Kamwala, Lusaka

YANKHO

Amayi, bambo amene anakukalipiraniyo mwina anasowa ulemu m'kalankhulidwe, koma mfundo yake ndi yoona. Munthu amene anaima patebulo panu, dzuwa likuswa mtengo, n'kulemba imelo yake m'buku, anali kuganiza za chitenje chimodzi chokha. Anakulolani kumudziwitsa ngati wapambana. Sanakuloleni kumamuuza za katundu aliyense amene wafika m'sitolo mwanu, ndipo kusiyana kumeneku ndiko phata la nkhani yonse.

Dziko lino la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu payekha, lotchedwa Data Protection Act, lomwe ndi lamulo nambala 3 la chaka cha 2021. Imelo ya munthu ili m'gulu la zinthu zimenezi, monga momwe zilili nambala yake ya foni ndi ya chiphaso chake. Lamuloli limafuna kuti chilolezo chiperekedwe mwaufulu, chikhale cha chinthu chodziwika bwino, ndiponso woperekayo akhale atamva chimene akuvomera. Limapatsanso munthu ufulu wobweza chilolezocho nthawi ina iliyonse, komanso wokana kutumiziridwa mauthenga a malonda. Amene amayang'anira lamuloli ndi ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo n'kumene munthu wodandaula angapite.

Chimene amalonda ambiri amaphonya n'chakuti pakabuka mkangano, wofunika kuonetsa umboni ndi inu wotumiza uthenga, osati wolandirayo. Kungonena kuti munthuyo anavomera pakamwa sikungakuthandizeni patapita chaka. Choncho pa dzina lililonse muzisunga tsiku limene munthuyo anavomera, malo amene anavomererako, ndi mawu enieni amene anawerenga asanavomere. Ngati n'papepala, lembani mizere iwiri yosiyana: woyamba wa mpikisano, wachiwiri wonena kuti, "Ndikufuna kumalandira imelo za katundu watsopano ndi mitengo kuchokera ku sitolo ino kawiri pamwezi." Mzere wachiwiriwu ukhale ndi kabokosi kake kopanda kanthu, ndipo munthu achonge yekha ndi dzanja lake. Wosachonga alowebe mumpikisano, chifukwa chilolezo chochita kukakamiza ndi nyambo ya chitenje si chaufulu. Mapepalawo musakulungire katundu. Ajambuleni ndi foni, kenako muwatsekere m'kabati.

Pa intaneti pali njira ina imene ine ndimaikonda koposa, ngakhale imachepetsa mayina. Munthu akalemba imelo yake, makina amamutumizira kaye uthenga womupempha kuti adine potsimikiza, ndipo akapanda kudina salowa mumndandanda. Njirayi imachotsa maimelo olembedwa molakwika, komanso imatchinga anthu achipongwe amene amalembetsa anzawo iwo osadziwa. Mudzaona mayina akuchepa, koma paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Za mndandanda wa mnyamatayo, yankho ndi lalifupi: musagule. Anthu 3,000 amenewo sakukudziwani, ndipo ngakhale atakhala kuti anavomera kwa munthu wina, chilolezo chimenecho sichikukhudza sitolo yanu. Makampani otumizira maimelo ambiri nthawi imodzi, monga Mailchimp, amaletsa mindandanda yogula, ndipo angathe kukutsekerani akaunti.

Palinso chilango china chimene sichidikira khoti. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo kwa otumiza maimelo ochuluka. Google imanena kuti amene amatumiza mauthenga pafupifupi 5,000 patsiku kwa anthu a Gmail aziika njira yoti wolandira adzichotse pa mndandanda podina kamodzi kokha, azilemekeza pempholo pasanathe masiku awiri, ndiponso madandaulo akuti uthenga ndi sipamu, kutanthauza uthenga wosafunika, asafike pa anthu atatu mwa 1,000 alionse. Inu simunafike pa chiwerengero cha 5,000, komabe makina osefa mauthenga amaona khalidwe la wotumiza aliyense. Anthu akachuluka kudina kuti uthenga wanu ndi sipamu, ngakhale imelo yopita kwa mphunzitsi wamkulu amene anaitanitsa mayunifolomu ingathe kukagwera kumene sadzaiona.

N'chifukwa chake khomo lotulukira liyenera kukhala loonekera mu uthenga uliwonse. Musalibise m'timalemba ting'onoting'ono, musafunse munthu zifukwa, ndipo musamuuze kuti aimbe foni kapena abwere ku Kamwala kuti mumuchotse. Munthu akatuluka, imelo yake muisunge pa mndandanda wapadera wa okana, kuti mwana wanu kapena wantchito akamadzalowetsa mayina atsopano asamubwezeremo mosadziwa. Ndikuwonjezereni kuti ngati muli ndi makasitomala amene akukhala ku Ulaya, monga abale athu ogula zitenje za ukwati ali komweko, lamulo la ku Ulaya loteteza zinthu zokhudza munthu payekha lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limanenetsa kuti kubweza chilolezo kukhale kosavuta ngati mmene kunalili kupereka, ndipo kabokosi kochongeratu silikuwerengera ngati chilolezo.

Tibwerere ku buku lanu lija. Bambo wodandaulayo muwayankhe mwaulemu lero lomwe, muwapepese, muwauze kumene munatenga imelo yawo, ndipo muwatsimikizire kuti mwaichotsa. Ena onse a m'bukumo musawatumizirenso zamalonda. Amene anabwera kudzagula, afunseni pamaso akadzabweranso, muwapatse kapepala ka mizere iwiri kaja pamodzi ndi lisiti lawo. Otsalawo muwadikire pa chionetsero chikubwerachi ku Showgrounds, ndipo buku latsopanolo mulikonze musanapite kukasindikiza zikwangwani, chifukwa ndi limene limaiwalika mpaka m'mawa wa tsiku lotsegulira.