Kwaya yoyimba za mvula ndi mitengo: yankho langa kwa mayi a ku Ulongwe

Mayi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, amene amatsogolera kwaya pa tchalitchi chawo anditumizira imelo. Akuti apeka nyimbo zingapo za mvula, mitengo ndi mitsinje ndipo akufuna akaziyimbe pagulu, koma anzawo ena mkwayamo akuti zimenezo si nyimbo za Mulungu, enanso akuti bola kungojambula pa foni nkuponya pa WhatsApp basi. Ndiye akufunsa kuti atani.

Amayi, kayimbeni, anthu akuoneni ndi maso.

Zoti si za Mulunguzo sindichedwapo ayi. Muwatsegulire Salimo 148, muli matalala, mphepo ya mkuntho, mapiri, mitengo ya zipatso, zonsezo zikuuzidwa kuti zitamande Chauta. Salimo 104 nalonso ladzaza akasupe ndi mbalame. Komanso mipingo yambiri imakhala ndi nyengo yopempherera chilengedwe kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo kwathu kuno imeneyo ndi nthawi yomwe tchire likupsa, anyamata akusaka mbewa, utsi uli tolotolo, ndiye nyimbo zanuzo zikagwera pake penipeni.

Pomwe mtima wanga uli ndi pa mawu. Chonde musamangobwereza kuti chilengedwe nchokongola, chilengedwe nchokongola, anthu amangogwedeza mutu osamva kanthu. Tchulani zinthu maina ake. Nenani chizimalupsa, mvula ija imabwera kudzazimitsa lupsa dothi nkuyamba kununkhira, nenani ngumbi zikutuluka pachulu ana akuthamanga ndi mabeseni, masuku akugwa okha mu December, nkhungu pa phiri la Domwe mmamawa, minda ya mbatatesi ku Tsangano, milambe imene imayamba kuoneka shapa (minibasi) ikamatsikira ku Moatize kutentha kukuwonjezeka. Agogo akamva zimenezi sadikira kuti muwauze aimbe nawo.

Ndipo zowawa musazisiye. Mu January 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revubue mpaka mlatho unaduka, alipo anthu amene sanaiwale usiku umenewo. Matumba a makala ali ndandanda mmbali mwa msewu tonse timawaona. Koma poyimba za makala samalani kamvekedwe kake, chifukwa wootcha makalayo wakhala pabenchi pomwepo ndipo ndi momwe akupezera chakudya cha ana ake. Nyimbo ilire naye limodzi, isamuloze chala.

Apa ndiye mpamene foni imaperewera. Nyimbo zathu ndi zoti wina atsogole gulu livomere, ndiye pekani kolasi yaifupi, mawu ochepa oti munthu akamva kawiri wagwira kale. Pa foni munthu amamvera yekha, mwinanso akuphika, koma pabwalo amayi akaponya nthungululu oyimba anu mawu amasintha nthawi yomweyo, mudzaona nokha.

Mukakayimbira panja dziwani kuti mphepo ya ku Angonia imamwaza mawu. Imani moti khoma la tchalitchi kapena la sukulu likhale kumbuyo kwanu, mupange kauta kuti muzimvana, a besi akhale pakati chakumbuyo, osati kumapeto komwe samveka. Kiyibodi muitsitse kwambiri, mwinanso nyimbo ziwiri muyimbe popanda, ine ndimaona kuti imakwirira a aluto. Visekese zokha zimamveka ngati mvula pa udzu, ndipo mukayamba ndi kukhwatchitsa zala, kenako mmanja pang'onopang'ono, kenako ng'oma yaikulu ilowe, anthu amva mvula ikubwera musanatchule liwu limodzi. Nthawi yabwino ndi madzulo dzuwa litapendeka, October masana ana sangapirire.

Kujambulako jambulani ndithu, koma mupatse mnyamata mmodzi foni aime pambali, oyimba asamayang'ane iyeyo. Ndipo a mfumu a m'mudzimo muwadziwitse msanga ngati mukuyimbira pabwalo lawo.