Ma trump: kutulutsa kapena kusunga?

Achimwene, mwafunsa ngati pa whist (masewera a makadi a anthu anayi, awiriawiri) ndi bwino kutulutsa ma trump (makadi a mtundu womwe umaposa mitundu ina yonse) msanga kapena kuwasunga. Ine ndimati mukakhala nawo 5 kapena kuposa, tulutsani. Onse alipo 13 basi. Mukazungulira kawiri aliyense akuponya, 8 apita, ndiye enawo amatsala ndi ma trump osaposa awiri odulira ma ace ndi ma king anu a mitundu ina. Mukakhala nawo awiri okha, asungeni.

Komatu muziwerenga zomwe zatuluka! Loweruka lapitali ku Mbare, mumzinda wa Harare, mnzanga wa mbali yanga anadula king yanga ndi trump, chikhalirecho ace inali itadutsa kalekale. Ndinangogwira pakamwa, enawo ali chikhakhali.

Mnzanu akayamba ndi mtundu wina, mukapeza mpata mubwezereni womwewo. Kawirikawiri mphamvu zake zimakhala kumeneko.