Kukaona Papa ku Rome: zaulere ndi zimene zimadya ndalama

Amayi ena a ku Dedza andilembera kuti akufuna kupita ku Rome paokha, osadikira ulendo wa parishi. Akufunsa kuti kuona Papa n'ndalama zingati, ndipo akatsika ndege alowere kuti.

Mayi, kuona Papa sikulipiritsa. Lachitatu m'mawa, ngati ali mu mzindamo, amakumana ndi anthu pabwalo la St Peter kapena mu holo ya Paul VI. Pamafunika tikiti, koma ndi yaulere, mumaipempha ku ofesi ya Prefecture of the Papal Household. Aliyense wokugulitsani tikitiyi mumsewu akukuberani. Lamulungu pa 12 koloko masana amatsogolera pemphero la Angelus ali pazenera, ndipo apo simufunika kapepala kalikonse, mungofika msanga. Tchalitchi cha St Peter nachonso amalowa ulere, bola mapewa ndi maondo zikhale zophimbidwa. Chitenje chanu chikwanira.

Ndalama zimathera kwina. Visa ya Schengen, yomwe ndi yolowera ku Italy, ndi 90 euro kuyambira June 2024, ndipo amafuna inshuwaransi ya chipatala yofika 30,000 euro. Yambani zimenezi miyezi iwiri ulendo usanakwane.

Ndege ya Ethiopian yodzera ku Addis Ababa imatera ku Fiumicino, bwalo lalikulu la ndege la Rome. Musamvere anyamata okuitanirani takisi pakhomo. Kwerani sitima ya Leonardo Express, mphindi 32 muli pa Termini, siteshoni yaikulu ya mu mzindamo. Kuchoka pamenepo sitima ya pansi pa nthaka (metro) ya Line A ikutsitsani pa siteshoni ya Ottaviano, n'kuyenda pang'ono kufika ku Vatican. Tikiti ya pepala ya basi muidinde pakamakina mukangokwera, apo ayi oyendera akakupezani chindapusa chake chimawawa, ngakhale munagula. Basi ya 64 imapitanso ku Vatican, koma ndi yodziwika ndi opisa m'matumba. Kachikwama kakhale kutsogolo, pasipoti mkati mwa zovala.

Madzi musagule. M'misewu muli timipopi tachitsulo totchedwa nasoni, totuluka madzi akumwa usana ndi usiku. Khofi mumwere chiimire pakauntala, mukakhala pampando mtengo umakwera.

Za nthawi, ine ndingakuletseni August. Kumatentha koopsa, ndipo chapakati pa mweziwo masitolo ambiri amatseka. October ndi wabwino, mungonyamula kajuzi ka usiku.