Msana akutikiteni, koma pamimba pasafike dzanja la munthu

Achemwali amene mwafunsa mobisa dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi pakati pa miyezi 7, ndi mimba yoyamba, msana ndi chiuno zikukusowetsani tulo ndipo mapazi akumatupa madzulo. Apongozi akufuna kuitana agogo ena odziwa kukanda kuti adzakuwongoleni thupi ndi kumukhazika bwino mwana, pomwe mnzanu wa kuntchito akuti mungopita ku spa, malo olipira otikita thupi, m'tauni. Ndiye mukufunsa ngati kutikitako sikungamuvulaze mwana. Ine ndine mzamba wa kuchipatala, zaka zanga zambiri zathera ku sikelo ndi ku leba, choncho mundilole nditalikitse pang'ono. Amene akuyankhani kuti palibe vuto ndi amene akuti musayerekeze, onsewo agwirako mbali imodzi yokha.

Kutikita msana, mapewa, khosi ndi chiuno kwa mayi amene mimba yake ikuyenda bwino sikoopsa, ndipo kumathandizadi. Ululu mukumvawo uli ndi gwero lake. Thupi la woyembekezera limatulutsa mahomoni, ina mwa iwo ndi relaxin, amene amafewetsa mitsempha yomanga mafupa a m'chiuno kuti njira idzatseguke tsiku lochira. Uku mafupa akukhwefuka, uku katundu wakutsogoloyu akulemera sabata ndi sabata, ndiye msana umapindikira m'kati kuti musagwe chafufumimba, minofu ya m'munsi n'kumakhala yokungika kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mukawonjezera kuchapa chowerama ndi ndowa ya pamjigo, basi zakwana. Amayi oposa theka amadandaula zomwezi. Dzanja lofewa likadutsa pa minofu yotopayo ululu umatsika, tulo timabwera. Ngakhale ku leba, malangizo a 2018 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amavomereza kutikita ndi kuthowa ngati njira yochepetsera ululu wa matenda.

Pamene ndaimapo ine ndi pa mawu aja akuti kumukhazika bwino mwana, chifukwa tanthauzo lake ndi kukanda mimba.

Usiku wina ndili pa nayiti, kale ndithu, anabwera naye mtsikana wa miyezi 8 atamugoneka kumbuyo kwa galimoto ya matola. Sankalira n'komwe, ankangobuula, milomo ili mbuu. Nditaika dzanja pamimba ndinapeza ili gwa ngati thabwa, yosafewa ngakhale mphindi imodzi, pomwe mimba ya matenda enieni imalimba n'kumasula. Magazi otuluka kunja anali ochepa, akuda bii, ongodetsa chitenje. Ndinamvetsera mtima wa mwana mbali zonse, zii. Amene anamuperekeza ndinawafunsa katatu chimene chinachitika masana, ndipo kachitatuko ndi pamene anayang'ana pansi n'kunena kuti anamukanda chifukwa mwana anali atakhala mopingasa. Ku fiyeta anapeza kuti nsengwa, imene imadyetsa mwana m'mimba, yamatuka ku chiberekero ndipo magazi onse aunjikana m'kati. Mayiyo anapulumuka atamuwonjezera magazi, koma kwawo anabwerera chimanjamanja. Nsengwa imathanso kumatuka chifukwa cha BP kapena kugwa, zimenezo n'zoona, koma kuyambira usiku umenewo nkhani ya kukanda mimba sindiisekerera.

Mwana amapuma ndi kudya kudzera mu nsengwa, ndipo nsengwayo inangomatirira kukhoma la chiberekero. Wokanda kunja saona pamene yamatirira, saona pamene mchombo wadutsa. Komanso pa miyezi 7 palibe chokhazika. Mwana akadali ndi malo, amatembenuka yekha kangapo, lero mutu uli m'mwamba mawa uli pansi. Ambiri amakhala atalozetsa mutu pansi pofika masabata 36, ndipo amene amafika nthawi yobadwa atatsogoza matako ndi atatu kapena anayi okha pa 100 alionse. Zikatero ku chipatala kuli njira yomutembenuza ndi manja, koma imachitika pa masabata 36 kapena 37, ataunika kaye ndi sikani, akumvetsera mtima wa mwana, fiyeta ili pafupi kuti zikavuta athamangire komweko. Kusiyana kwake ndi kwa pamkeka kuseri kwa nyumba n'kumeneko.

Sindikunyoza agogowo ayi. Azamba akumudzi anabereketsa ambiri a ife, ndipo boma litawaletsa mu 2007 anthu anadandaula mpaka malemu Bingu anachotsa chiletsocho mu 2010. Manja awo pamsana amadziwa ntchito kuposa anga. Ndikudziwanso kuti kukana apongozi pa mimba yoyamba si masewera, mawa zikavuta mlandu udzakhala wanu. Ndiye musakane inu. Nenani kuti anamwino a ku sikelo aletsa kugwira pamimba, mlanduwo mutisenzetse ife, tinazolowera. Agogowo akabwera atikite msana ndi mapewa, nsalu ikhale yophimba mimba, ndipo amuna anu kapena mchemwali wanu akhale pomwepo. Akatulutsa kabotolo kapena kamtolo ka mizu kuti mumwe njira ifewe, kaya ndi mwanamphepo kaya ndi china, thokozani koma pakamwa pasafike. Mankhwala oterowo amatha kukokesa chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, ndipo chiberekero chimang'ambika.

Tsopano miyendo, chifukwa mwatchula kutupa, ndipo apa ndi pamene ngakhale a ku spa ena amalakwitsa. Magazi a woyembekezera amaundana msanga, thupi limachita dala pokonzekera kuti musadzataye ambiri pochira. Chifukwa cha ichi mpata woti magazi aundane mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo umakula kanayi kapena kasanu kuyerekeza ndi mayi amene alibe pakati, ndipo zimapitirira mpaka masabata 6 mutachira. Kawirikawiri umakhala mwendo wamanzere. Munthu akafinya katumba mwamphamvu, chibuluma cha magazicho chimatha kuthothoka n'kukatseka m'mapapo, ndipo zimenezo zimapha mofulumira. Mapazi onse awiri akatupa mofanana madzulo n'kuphwa m'mawa, n'zachizolowezi, sanjikani miyendo pa pilo kapena pa mpando, wina asisite mopepuka kuchokera kuphazi kukwera m'mwamba ngati akudzoza mwana mafuta. Koma mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake, katumba akupweteka, akutentha kapena wafiira, pamenepo pasafike dzanja la aliyense, nyamukani tsiku lomwelo. Anzathu oyenda pa basi kuchokera ku Joni muli ndi pakati, izi zikukukhudzani kwambiri, pamalo alionse oima tsikani muyendeyende. Pamene mitsempha yatupa n'kuonekera ngati zingwe napo musafinyepo.

Zija amanena kuti kusisita phazi kapena kakolo kumayambitsa matenda zisakuopseni. Kusisita kofewa sikutulutsa mwana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani ya kutikita si kutikitako, koma masiku amene amatayika munthu akutikitidwa pomwe vuto lili pena. Si msana uliwonse wopweteka umene uli wa kutopa. Ululu wa m'munsi mwa msana umene ukubwera n'kupita, kubwera n'kupita, mimba ikulimba nthawi yomweyo, musanafike masabata 37, amenewo akhoza kukhala matenda oyamba msanga. Ululu wa m'mbali pansi pa nthiti, thupi likutentha, pokodza pakuwotcha, zimenezo ndi za m'chikhodzodzo zimene zakwera ku impso. Kuphwanya m'thupi monse ndi kuzizidwa, kwathu kuno timayamba taganiza malungo, ngakhale mukumwa Fansidar wa ku sikelo ndi kugona mu neti. Ndipo kutupa kukafika kunkhope ndi m'manja, mphete yakana kuvuka, mutu ukuwawa osamva Panado, m'maso mukuchita tinyenyezi kapena chifunga, pachifu pakubaya, imeneyo ndi BP ya pakati. Ikafika 140/90 mimba itapitirira masabata 20 ife timayamba kuthamanga, chifukwa mapeto ake ndi kukomoka. Magazi, kusweka kwa nsupa, kapena mwana kuchepetsa kusewera, zonsezi sizidikira kuti kuche. Ndipo ngati ku sikelo anakuuzanipo kuti BP yanu ndi yokwera, nsengwa ili m'munsi, munatayapo magazi pa mimba ino kapena muli ndi mapasa, funsani kaye amene akukuonani musanalole munthu kukutikitani.

Ngati zonsezo palibe, wotikita wabwino muli naye kale m'nyumba ndipo salipiritsa. Gonani chammbali, makamaka kumanzere, pilo mmodzi pakati pa mawondo, wina pansi pa mimba, ngati mapilo ndi ochepa pindani bulangete. Chagada musagone nthawi yaitali mimba ikapitirira miyezi 5, chifukwa chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, n'chifukwa chake ena amachita chizungulire ndi thukuta akagona choncho. Chafufumimba ndiye sitinena n'komwe. Njira ina ndi kukhala pa mpando chotembenuka, mutayang'ana kotsamira, manja ndi mutu mutazisanjika pa pilo. Bambo apake mafuta pang'ono m'manja, a mpendadzuwa ophikira omwewa kapena Vaseline, awatenthetse pofikisa zikhatho, kenako ayende ndi chikhatho chonse mbali ziwiri za fupa la msana, osati pafupa penipenipo, kuchokera m'chiuno kukwera mpaka m'mapewa n'kutsikanso. Pamene pali timaenje tiwiri pamwamba pa matako aikepo zikhatho n'kukanikiza pang'onopang'ono, awerenge mpaka 10, amasule. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Pakapweteka, kapena mukamva chizungulire, asiye.

Bambo wina ndinamuphunzitsa zimenezi pa benchi ya ku sikelo, munthu wa manja okhakhala ngati a mmisiri wa njerwa, akuchita manyazi amayi onse akumuyang'ana. Poyamba ankagwira mkazi wake ndi nsonga za zala ngati akuyesa ngati mbale yatentha. Mkaziyo anangoti, osatembenuka n'komwe, "Kodi nsima simunadye?" Benchi yonse inafa ndi phwete, koma mwezi wotsatira anabweranso limodzi, mayiyo akuti tsopano akugona. Azibambo amene mukuwerenga mwakachetechete muno, ntchito ndi imeneyo.

Kuthowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda pamsana n'kwabwino, bola madziwo akhale oti chigongono chikupirira, ndipo pamsana pokha. Zopaka zotentha zija za mtundu wa Deep Heat, ndi zina zokhala ndi diclofenac, zisiyeni pokhapokha adokotala atanena, ndipo Brufen musamwe pa miyezi imene mulipoyi. Mafuta a nsatsi ena amamwa kuti matenda ayambe, inu musatero.

Za ku spa, ngati thumba likulola pitani, koma musanavule nsapato afunseni ngati wotikitayo anaphunzira za amayi oyembekezera komanso kuti akugonekani bwanji. Akayankha kuti chafufumimba kapena chagada ola lathunthu, tengani chikwama chanu. Auzeni kuti pamimba ayi, akatumba mopepuka, mafuta onunkhira kwambiri aja ayi, ndipo m'chipinda cha nthunzi kapena m'bafa la madzi otentha musalowe, kutentha thupi lonse si kwabwino kwa mwana. Malo ambiri amakana mayi wa miyezi itatu yoyambirira, chifukwa ndi nthawi imene mimba zambiri zimapita padera pazokha ndipo safuna kunamiziridwa, koma inu munadutsa kale pamenepo. Kunena zoona, ululu ukakhala woti mukulephera kutembenuka pabedi kapena kukwera masitepe, makamaka pafupa la kutsogolo pansi pa mimba, ndalama ya spa ndi bwino ikhale ya thiransipoti. Pemphani ku sikelo akulembereni kalata yokaonana ndi a physiotherapy, akatswiri othandiza ululu wa minofu ndi mafupa. Ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu Central aliko, ndipo amaphunzitsa masewera olimbitsa chiuno ndi kamangidwe ka lamba wochirikiza mimba.

Musanaitane agogo kapena kulipira ku spa, tsegulani buku lanu la sikelo muone BP imene analemba ulendo wathawu ndi tsiku lake. Masiku ano timafuna mayi aonedwe maulendo 8 pa mimba yonse, ndiye ngati papita mwezi musanayezedwe, pitani mawa, ndipo mukawauze za kutupako ndi pakamwa panu, osadikira kuti akufunseni. Usiku mukasowa wofunsa imbani 929, Chipatala cha pa Foni, n'kwaulere. Ndipo mundiyankhe pansipa, mapaziwo akutupa onse awiri kapena limodzi, nanga mphete ikuvuka?