Katundu ndinaoda ku China, bwanji nambala yake ikuthera SG?

Mayi wina amene amagulitsa makava a mafoni ndi machaja mumsika wa Zomba watilembera motere: "Ndinaoda katundu pa intaneti kuchokera ku China. Wogulitsa ananditumizira nambala ya zilembo 13, yoyamba ndi U, yothera SG. Patha masabata asanu, sindikudziwa kuti katunduyo ali m'manja mwa ndani. Kodi andibera?"

Amayi, mtima m'malo kaye. Nambala imene mwapatsidwayo ndi ya positi, ndipo ili ndi kawerengedwe kake. Mapositi a mayiko amagwirira ntchito limodzi pansi pa bungwe la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, ku Switzerland. Bungweli linakonza kuti nambala yolondolera katundu wopita kunja izikhala ndi zilembo ziwiri kutsogolo, manambala 9 pakati, zilembo ziwiri kumapeto.

Zakumapetozo zimatchula dziko limene positi yake inalandira phukusi poyambirira. CN ndi China Post, GB ndi Royal Mail ya ku Britain, ZA ndi positi ya ku Joni, US ndi ya ku America, MW ndi yathu ya Malawi Posts Corporation. SG yanuyo ndi Singapore. Amalonda ambiri a ku China amapereka katundu kwa makampani amene amamusonkhanitsa n'kukamuponya pa positi ya dziko lina, choncho zimenezi pazokha zisakudetseni nkhawa. Zilembozi sizisintha ngakhale phukusi litafika ku Lilongwe, ndiye musayembekezere kuona MW.

Chimene chandigwira mtima ine ndi U wakutsogoloyo. Chilembo choyamba chimasonyeza mtundu wa katumizidwe kamene munalipira. E ndi EMS, yothamanga komanso yodula. R ndi rejisitala, imene mumasainira polandira. C ndi phukusi lalikulu la positi, L ndi kaphukusi kakang'ono kolondoleka. U ndi yotchipa kuposa zonse, ndipo nthawi zambiri uthenga wake umathera pamene katundu watuluka m'dziko limene anaponyedwa. Ndiye kuti foni ikhoza kungoti zii pamene phukusi lanu lili pa shelefu ku positi ofesi ya ku Zomba.

Mawa lomwe lembani nambalayo papepala, tengani chiphaso chanu cha unzika, mupite ku positi ofesi imene munalemba pa adiresi. Katundu aliyense wa nambala yamtunduwu akalowa m'dziko muno amadutsa m'manja mwa a Malawi Posts, ndipo a MRA amatha kumuona kaye kuti awerengere msonkho. Ngati munalemba bokosi la tchalitchi kapena la kuntchito kwa abambo kunyumba, funsaninso amene amasunga kiyi, poti kakalata kokuitanani kakhoza kukhala kali m'menemo. Mukalipira chilichonse, lipirani pa kauntala ndipo mutenge lisiti. Wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama pafoni kuti katundu atuluke, dulani foniyo.

Ngati mukukayika kuti wogulitsa anangopeka nambala, pali poyesera. Nambala yomaliza mwa 9 zija imachokera pa zinzake 8. Titenge chitsanzo cha RR123456785CN. Chulukitsani 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8 ndi 8, 6, 4, 2, 3, 5, 9, 7 motsatana, muphatikize zonse, mupeza 204. Gawani ndi 11, patsala 6. Chotsani 6 pa 11, yankho ndi 5, ndipo ndi yemwe ali pamenepoyo. Yankho likakhala 10 amalemba 0, likakhala 11 amalemba 5. Yanu ikakana masamuwa, mwina mwaikopera molakwika kapena si yeniyeni.

Nambala yosaoneka chonchi kawirikawiri si ya positi. Ya UPS imayamba ndi 1Z, ya DHL Express imakhala manambala okhaokha 10. Amenewa amanyamula okha katundu mpaka kufika kuno, ndiye ku positi ofesi sakawadziwa. Mukasokonezeka, tsamba la 17TRACK limazindikira kampani mukangolembapo nambala.

Koma mpamba wanu ndi umene ndikuuganizira kwambiri. Masabata asanu ndalama ili panjira, benchi likuchepa katundu, makasitomala akulowera kwa anzanu. Tsegulani oda yanu lero muone tsiku limene nthawi yodandaula ikutha, ndipo likayandikira katundu asanafike, dandaulani tsikulo lisanadutse kuti akubwezereni ndalama. Ulendo wina, musanalipire, mufunseni wogulitsa kuti nambala idzayamba ndi chilembo chanji. Pa katundu wa ndalama zochuluka ine sindingavomere U. Onjezeraniko pang'ono mupeze L kapena E, ndipo mtengo umenewo muugawe pa kava aliyense pokonza mitengo yanu.